Mkaka wa M'chipanda cha a Ngozo

Ellard anakula akudziwa kuti mkaka umachokera m'chitini. Umaboola timabowo tiwiri ndi msomali, n'kudonthezera m'tiyi, kenako chitinicho n'kuchibisa pamwamba kuopa ana ndi nyerere. Makolo ake anachokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo kumeneko ng'ombe ankangoimva mbiri. Zoti munthu wandevu zake angadzaze kapu ndi mkaka wa ng'ombe n'kumapapira ngati thobwa, iye ankati n'zachizungu, zofanana ndi kuyenda ndi galu pachingwe.

Amene anamusintha maganizo ndi Winnie, ndipo sanatuluke naye thukuta n'komwe.

Zinali zaka zija za Chitaganya, anyamata ambiri a mu Blantyre akuthamangira ku Halale kukasaka ntchito. Ellard sanapite. Anali ndi makina ake osokera pakhonde la sitolo ya Mmwenye pakati pa tauni, ndipo m'mawa uliwonse pankadutsa mtsikana wamtali atasenza dengu la mabotolo oyera, kukapereka kwa mkazi wa mwini sitoloyo. Akamadutsa, msoko wa Ellard unkakhota. Azibambo angapo anavala mabuluku opendama chifukwa cha mtsikana ameneyu, mwini wake osadziwa.

Tsiku lina mvula inamutsekereza pakhonde pomwepo.

"Achimwene," anatero akutula dengu, "mabotolowa mwakhala mukuwayang'ana chiyambire dzinja. Mukufuna muwasokere malaya?"

"Ine ndinasiya kuyamwa kalekale, chemwali," anayankha Ellard, kenako n'kudziluma lilime, poti si zimene ankafuna kunena.

"Ndiye munasiya msanga. N'chifukwa chake mwaonda chonchi."

M'dengumo munatsala botolo limodzi, la mzungu wina wa ku Nyambadwe amene anali atapita kutchuthi. Winnie anatenga kapu ya tiyi ya Ellard, anaitsuka ndi madzi ogwa padenga, n'kuthiramo mkaka mpaka m'milomo. Ellard anapisa dzanja m'kathumba ka shuga.

"Mukathiramo zimenezo ndikulandani. Ndipo musameze ngati kwinini. Muusiye ukhale kaye pa lilime."

Anamwa chifukwa cha manyazi, atatsinzina. Koma kunyansidwa kumene ankakudikira sikunabwere. Mkakawo unali ukadali wofunda, wolemera m'kamwa, wotsekemera chapatali osati mokuwa ngati wa m'chitini. Atameza, kukhosi kunatsala kafungo ka udzu wonyowa ndi kautsi ka nkhuni zimene anauwiritsira.

"Mwamva chiyani?" anafunsa Winnie.

"Ngati chimanga chachiwisi chongothyola kumene, koma chakumwa."

Winnie anamuyang'ana mwa mtundu wina. "Anthu amangoti ukukoma, basi. Inu mwaumva. Umenewo ndi wa Dona, ng'ombe yathu yofiira. Timaitchula choncho chifukwa imayenda monyada ngati mkazi wa bwana. Imadya udzu wa m'dambo la Chirimba ndi madeya, palibenso china, ndipo ine m'botolo sindithiramo madzi ngati anthu ena."

Mvula inakata, koma dengu linachedwa kukwera pamutu.

*

Pofika nthawi yokolola, Ellard anali atasanduka katswiri. Ankatha kusiyanitsa mkaka wa Dona ndi wa ng'ombe zina za m'khola lomwelo. Ankadziwa kuti udzu ukayamba kuuma mkaka umachepa koma umalemera, ndipo mafuta a pamwamba amanenepa. Winnie anali atasiya kumutchula kuti achimwene. Masaya a Ellard anadzaza, anzake a pakhonde n'kumamuseka kuti akuleredwa kachiwiri. Iye analibe nazo ntchito, chifukwa anali m'chikondi mpaka m'khosi, ndipo sankabisa.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi anayenda ndi Winnie m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, ndipo Ellard ananena zimene zinkamusowetsa tulo.

"Ndikufuna ndikaonekere kwanu, Winnie. Ndatopa ndi chikondi cha pakhonde."

Winnie anathyola kaudzu n'kuyamba kukaluma. Mayi ake anamwalira kale, ndipo pakhomo anatsala ndi bambo ake, a Ngozo, Mngoni wa ku Ntcheu amene anaweta ng'ombe za mzungu ku Nyambadwe mpaka imvi. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira zingapo, ndipo ndi zimene zinawakhazika ku Chirimba.

"Ababa si munthu woipa," anatero, "koma ali ndi munthu wawo kale mumtima. Pearson, kalaliki wa ku boma uja wa njinga ya Hamba. Ndi wa kumudzi kwathu, anakulira pamaso pawo."

"Nanga inu muli naye mumtima?"

"Ndikanakhala naye, bwenzi botolo la Dona likufika pakhonde panu? Musandifunse zopusa." Anamukankha ndi phewa. "Koma mumve. Ababa amati anthu a kwanu amaopa ng'ombe ndipo amanyansidwa ndi mkaka. Ndiye mukafika, chilichonse chimene akupatseni mulandire ndi manja awiri, osakwinya nkhope. Aone okha kuti inu ndi wina."

"Zimenezo n'zosavuta."

"Nanga amayi anu mwawauza?"

Apa Ellard anayang'ana madzi. Mayi ake, a Ida, ankakhala naye ku Mbayani, ndipo atawatchulira za mtsikana wa Chingoni anangoti iwo alibe ng'ombe zogulira mkazi, n'kupitiriza kusankha nyemba.

"Ndawauza theka," anatero.

"Theka linalo mukulisungira ndani?"

"Ndiyambe ndawoloka mtsinje umodzi, Winnie."

*

Pearson anafika pakhonde mkati mwa sabata, atanyamula buluku loti alipinde m'munsi. Anali mnyamata wosalala, wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, wolankhula mofatsa ngati akuwerenga chikalata cha bwanamkubwa. Anaimika njinga yake pamalo oti aliyense aione.

"Ndamva kuti Lamulungu mukubwera kwathu ku Chirimba," anatero.

"Kwanu?"

"Kwa a Ngozo ndi kwathu, bwanawe. Ine ndimalowa osaodira." Anamwetulira. "Musaope, ndidzakhalapo. Mlendo amafunika womulondolera. Ndamvanso kuti masiku ano mkaka mumaukonda kwabasi."

"Ndimaukonda."

"Zabwino zedi. Zabwino zedi."

Atachoka, Ellard anadziona ngati wachita nsanje yachabe. Munthu wake ankaoneka waulemu. Anamupindira buluku lija mosamala kuposa la wina aliyense, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

*

Lamulungu linafika. Ellard anavala jekete limene anadzisokera yekha, n'kuyenda wapansi kuchoka ku Mbayani mpaka ku Chirimba. A Ngozo anamulandira pansi pa mtengo wa mango. Anali nkhalamba yowongoka ngati nsichi, ya makutu oboola, ya maso osathawa munthu. Pearson anali atakhala kale pampando wapafupi nawo. Winnie anagwada patali, anapereka moni ngati sakumudziwa mlendoyo, n'kuzimirira kuseri kukhitchini monga mwa mwambo.

"Mwayenda bwanji, bambo?" anafunsa a Ngozo. "Akuti ndinu atelala?"

Anacheza bwino ndithu. Nkhalambayo inafunsa za makolo ake, za tchalitchi, za chifukwa chimene sanapitire ku Halale, ndipo Ellard atayankha kuti sakanasiya mayi ake okha, inagwedeza mutu movomereza. Mtima wa Ellard unayamba kukhala m'malo. Kenako kukhola kunamveka phokoso, mwana wa ng'ombe atapanikizika pampanda, ndipo a Ngozo anapepesa n'kupita kukaona.

Pearson anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula chipanda chakuda ndi ukalamba, chomangidwa kachikopa pakhosi.

"Mwayenda padzuwa, bwanawe. Tsitsani fumbi kukhosi. Wa Dona, wa m'mawa uno."

Ellard anakumbukira malangizo a Winnie. Analandira ndi manja awiri. Mkakawo unali wozizira, utangoyamba kugwirana, wowawasa pang'ono kumapeto kwa lilime, ndipo fungo la chipandacho linali litalowamo. Sanalawepo chinthu chokoma chotero chibadwire. Anamwa, anapuma, anamwanso, akufunitsitsa kuti nkhalamba ija ibwere imuone.

Inabweradi. Inaima chapatali, maso ali pa mlomo woyera wa Ellard.

"Mwamwa?"

"Ndamwa, bambo. Ndipo ndinene zoona, wokoma chonchi sindinaulawepo."

A Ngozo anakhala pansi pang'onopang'ono. Atatsegulanso pakamwa, ulemu uja wa kwa mlendo unali utatha.

"Ndiye takulandira, mwana wanga. Winnie! Bwera kuno upereke moni kwa mlongo wako."

Winnie anatulukira akupukuta manja. Ataona chipanda pamiyendo pa Ellard, anagwira pakamwa.

"Mlongo bwanji, bambo?" anafunsa Ellard. "Ine ndabwera kudza..."

"Ndikudziwa chimene unabwerera, ndipo ndinayamba kukukonda. Koma tamvera. Mkaka wa m'botolo ndi malonda, amamwa Mmwenye, amamwa mzungu, amamwa aliyense. Wa m'chipanda ichi ndi wa pakhomo. Pa mtundu wathu amamwa ndi a magazi amodzi okha, ndipo mkamwini sauyandikira. Amene wamwamo ndi mwana wa pakhomo. Mwana wa pakhomo sakwatira pakhomo."

"Sindimadziwa!"

"Safunsa anadya phula."

Pearson ankayang'ana nsapato zake, nkhope ili yachisoni chochita kubwereka.

*

Sabata imeneyo Winnie sanadutse pakhonde. Mabotolo a mkazi wa Mmwenye ankabwera ndi mnzake wa Winnie, Halimatu, mayi wogulitsa zitumbuwa pakona. Ellard ankasoka ngati wodwala. Anabwerera ku tiyi wa kondensi, koma ankangomva shuga ndi chitini, ndipo zimenezi zinkamupsetsa mtima kwambiri, chifukwa ngakhale lilime lake linali litakhala mbali ya Winnie.

Lachisanu Halimatu anatula beseni lake pafupi ndi makina.

"Achimwene a Winnie, mwadzuka bwanji?"

"Musandiseke, chemwali, ndili pamoto."

"Pamoto muli nokha? Mnzanu maso atupa ngati walumidwa ndi njuchi. Akuti mawa dzuwa likapendeka mukamupeze pa mlatho wa Likhubula. Akutinso mukapanda kubwera adziwa kuti ulongowo mwauvomera."

Pa mlathopo anayamba kufika ndi Ellard. Winnie atatulukira, mawu onse okoma amene Ellard anakonza anathawa, n'kutsala owawa okhaokha.

"Munandiuza ndinu. Chilichonse mulandire ndi manja awiri. Si mawu anu amenewo?"

"Ndi anga."

"Ndiye bwanji simunanene za chipanda?"

"Ndinaiwala, Ellard! Chipanda chija ndachiona chibadwire, chili pamalo pake ngati chitseko. Munthu amachenjeza mlendo za chitseko? Sindinalote kuti wina angachitsitse n'kupatsa munthu wakunja. Ndalira mpaka misozi yauma, inunso mukufuna mundilize?"

Ellard anachita manyazi. Anaweramitsa mutu.

"Pepani," anatero. "Mantha ndi amene akundilankhulitsa. Ndikuopa kukutayani chifukwa cha ludzu."

"Mlongo ndili naye kale, ali ku Joni, ndipo mmodzi yemweyo amandikwana. Wina sindikumufuna." Anamugwira mkono wa jekete. "Koma mundiuze zoona. Anthu a kwathu ndi ovuta, mwaona nokha. Mukadali momwemo?"

"Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima."

Winnie anaseka koyamba sabata yonseyo, misozi ili m'masaya. "Simunakwatirebe, musadzitame. Ndisiyireni ababa. Ine ndimawadziwa pamene amafewera."

*

Pamene a Ngozo ankafewera ndi kukhola, m'mawa, ng'ombe zikukamidwa. Winnie anadikira mpaka atatsamira mpanda n'kuyamba kuyang'ana Dona ndi maso aja amene sankayang'ana nawo munthu. Koma asanayambe nkhani, belu la njinga linalira. Pearson anali atafika, tayi ili pakhosi, kudzamva ngati njira yatseguka.

Winnie sanasiye kukama. "Ababa, ndifunse nawo. Chipanda cha pakhomo amaloledwa kutsitsa ndani?"

A Ngozo sanatembenuke. "Mwana wa pakhomo."

"Mlendo angachigwire?"

"Sangachigwire."

"Ndiye alongo anga achuluka. Mwadzuka bwanji, achimwene a Pearson?"

Pearson anayesa kuseka. "Ababa, ine ndimangothandiza mlendo. Munthu anali ndi ludzu."

"Madzi mumtsuko anatha?" anafunsa a Ngozo. Tsopano anatembenuka. "Mnyamata uja sankadziwa, ndipo umbuli ndi matenda ochizika. Iwe unkadziwa. Unatenga chipanda chimene anamweramo bambo anga n'kuchisandutsa msampha wa mbewa. Unkayesa sindinaone? Ndakhala ndikudikira kuti ubwere wekha udzapepese, koma wabwera ndi tayi. Wati ndiwe wa pakhomo, khala wa pakhomo. Mlongo wako ndi uyo akukamayo. Za ukwati usadzazitchulenso pano."

Pearson anatembenuka n'kukwera njinga yake. Njinga ija pochoka sinalize belu.

Winnie anamva mtima ukuvina, koma bambo ake anaudula msanga.

"Usasekerere. Kugwa kwa Pearson sikudzutsa telala wako. Mkaka sungabwerere m'bere."

"Palibe njira, ababa? Akuluakulu sanasiye khomo ngakhale laling'ono?"

Nkhalambayo inayang'ana Dona. "Lilipo, koma ndi lopapatiza. Ng'ombe imene mkaka wake unali m'chipanda iyenera kuchoka m'khola muno. Ikachoka, chibale chimene inamanga chimachoka nayo. Kwathu timaipha, anthu n'kudya."

Manja a Winnie anaima pa mawere a Dona. Ng'ombe imeneyi anailera yekha. Make anafa iyo ili yamasiku ochepa, chaka chomwe mayi ake a Winnie anamwalira, ndipo ana amasiye awiriwo anakula akutonthozana. Ankaimwetsa ndi chala choviika mumkaka, ankagona nayo m'khitchini nthawi yozizira. Dona inatembenuza mutu n'kumuyang'ana, ikudabwa kuti wasiyiranji.

"Mwati ichoke m'khola," anatero Winnie. "Ikachoka ndi miyendo yake?"

"Kupita kuti?"

"Kwa amayi ake a Ellard. Ikakhala ng'ombe ya kwawo, ndiye kuti iye anamwa mkaka wa kwawo. Walakwira ndani?"

A Ngozo anamuyang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. Kenako anaseka, kuseka kochokera m'mimba, mpaka anagwira mpanda.

"Mngoni kupereka ng'ombe kwa mkamwini! Anzanga amalandira, ine ndizipereka! Ku Ntcheu akamva adzandiseka mpaka m'manda." Anapukuta maso. "Mutu umenewu ndi wa mayi ako. Chabwino. Nanenso mpeni pakhosi pa Dona sindikanaupirira. Koma mvetsa bwino. Ng'ombe salandira ndi mnyamata, amalandira ndi mkulu wa banja. Mupite nayo Lamulungu. Mayi akewo agwire chingwe ndi dzanja lawo dzuwa lisanalowe, pamaso pa anthu. Akagwira, atumize ankhoswe, ndidzawalandira, za malowolo tidzakambirana ngati anthu. Akakana, ibwerere kuno, ndipo telalayo ndi mlongo wako mpaka imfa. Sindidzabwerezanso."

*

Anthu a ku Mbayani anaonapo zambiri, koma mkwati ndi mkwatibwi oyenda ndi ng'ombe pakati anali asanawaonepo. Winnie anali kutsogolo atagwira chingwe. Ellard, amene ananyamuka kwawo kusanache bwino kuti akathandize, anali kumbuyo ndi kamtengo kamene sankalimba mtima kukagwiritsa ntchito. Dona inkayenda mwa nthawi yake, ikuima pamene yafuna, ikununkhiza madengu a tomato, amayi a pamsika akukuwa ndi kuseka. Opala matabwa anasiya ntchito, osoka nsapato anaimirira. Wina anafuula kuti, "Atelala, imeneyo muisokera diresi la sayizi yanji?"

"Amayi mwawauza zonse ulendo uno?" anafunsa Winnie osatembenuka.

"Ndawauza kuti ndibwera ndi mlendo wolemekezeka."

"Ellard!"

"Ndikanati ng'ombe akanathawira kwa aneba. Koma amayi ali ndi mtima wabwino, Winnie. Amangoopa kuti tidzachita manyazi posowa cholowolera. Akaona kuti ng'ombe ikulowa m'malo motuluka, afewa."

Winnie anafuna kukwiya koma sanathe. Dzuwa linali litapendekera ku phiri la Michiru, kamphepo kakuwomba, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni pansi pa mango paja ankakhulupirira kuti zitheka. Anayamba kuganiza za pamene angamange kakhola, ndi kumene angakamwete udzu m'mbali mwa mtsinje.

Anakhota pa kanjira kolowera kwa a Ida, chigulu cha anthu chili pambuyo. Mayiwo anali pamphasa pakhonde, atavala chilundu chawo cha kutchalitchi. Sanali okha. Pambali pawo panakhala mtsikana wooneka bwino, wa duku latsopano, ndipo pakhomo panali sutikesi yomanga ndi chingwe.

A Ida anayang'ana ng'ombe, anayang'ana Winnie, n'kubweza miyendo yawo pamphasa.

"Ellard, chinyama ichi chikufuna chiyani pakhomo panga?"

Ellard anagwada n'kufotokoza zonse, za chipanda, za mawu a a Ngozo, za chingwe ndi dzuwa. Anafotokoza bwino, mosabisa, mpaka ananena pamaso pa anthu onsewo kuti mtsikana waima apoyo ndi amene mtima wake unasankha. Winnie anagwada nayenso n'kutambasula chingwe ndi manja awiri.

A Ida anapinda manja awo pachifuwa.

"Wamaliza? Nanenso ndili ndi mlendo wolemekezeka. Uyu ndi Cecilia, mwana wa amalume ako a ku Mulanje. Watsika sitima ku Limbe lero lomwe. Ine ndi amalume ako tinagwirizana kale. Msuweni wako ndi ameneyu, ndipo mkazi wako ndi yemweyu."

Ellard anayang'ana Winnie, nkhope itachita phulusa, ndipo Winnie anaona kuti nayenso akuzimva koyamba. Mkono wake unayamba kulemera, koma chingwe sanachitsitse.

"Amayi," anatero mofatsa, "ndamva. Koma ng'ombeyi yayenda ulendo, mawere adzaza, ikumva kupweteka. Ndibwerekeni kapu ndiikame, mulaweko. Zokana mukane mutalawa."

A Ida anatembenuza mutu. Anayang'ana mawere a Dona, amene anali atayamba kudontha okha pafumbi, ndipo Winnie anaona kukhosi kwawo kukuyenda. Manja aja anamasuka pang'ono pachifuwa.

Amene anadzuka ndi Cecilia. Anakonza duku lake, anamwetulira Winnie mwaulemu wonse, n'kulunjika pakhomo la nyumba.

"Khalani, amayi, ndibweretsa ine," anatero. "Alendo asavutike. Makapu a m'nyumba muno ndawadziwa kale pamene amakhala."

Winnie anatsala chogwada, chingwe chili m'manja, m'munsi mwa dzuwa mutakhudza kale phiri la Michiru.